Ndikufuna kukula pa ntchito ya misewu: ndiyambire pati, nanga mabungwe angandithandize chiyani?

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Bangwe. Ndili ndi dipuloma ya zomangamanga ndipo kwa zaka ziwiri ndakhala ndikugwira ntchito kwa kontrakitala wina wa misewu muno mu Blantyre, kuwerenga matipa a gelevulo ndi kuthandiza a saveya. Ntchito ikatha amatiuza kuti tikadikire kunyumba. Anzanga ena akuti ndibwerere kusukulu ndikatenge digiri, ena akuti tisonkherane titsegule kampani yathu. Ndimamvanso za mabungwe a mainjiniya ndi a makontrakitala, koma akuluakulu ena kuntchito amati kumeneko n'kungotaya ndalama. Ndichite chiyani?

Yankho: Achimwene, zikomo polemba. Funso lanu landifika pamtima chifukwa nanenso ndinayambira pomwe mulipo, chilili padzuwa ndi kope m'manja, ndikulemba nambala ya tipa iliyonse yobwera kudzakhuthula gelevulo. Ntchito imeneyi musainyoze. Munthu amene wawerengapo matipa amadziwa kuti mtunda wochokera komwe akukumba gelevulo kukafika pasaiti ndi umene umadya ndalama za kontrakitala, ndipo alipo anthu a digiri amene amadzazindikira zimenezi kampani italowa kale m'ngongole.

Maganizo anga ndikuuziranitu. Kampani musatsegule panopa. Digiri ndi yabwino ndipo mudzaifuna, koma si yoyambira. Choyamba sankhani luso limodzi la pamsewu lomwe mudzadziwike nalo, kalembetseni ku bungwe la mainjiniya chaka chomwe chino, ndipo yambani kusunga umboni wa ntchito iliyonse imene manja anu akhudza. Zinazo zidzabwera pamwamba pa izi.

Pa msewu uliwonse waukulu pamakhala mbali zitatu. Pali mwini ntchito. Misewu ikuluikulu, monga M1 wopita ku Zalewa ndi wotsikira ku Chikwawa, M3 wa ku Zomba kapena M2 wa ku Thyolo, ili m'manja mwa Roads Authority, pomwe misewu ya m'kati mwa mzinda mwini wake ndi khonsolo. Roads Authority inabadwa ndi malamulo a mu 2006, pamene boma linagawa pawiri bungwe lakale la National Roads Authority kuti wina aziyang'anira misewu, wina azisunga thumba. Wosunga thumbayo ndi Roads Fund Administration, imene imalandira msonkho wa pa mafuta a galimoto, ndiponso kuyambira mu 2021 ndalama za pazipata zolipiritsa, poyamba pa Chingeni kenaka pa Kalinyeke ku Dedza. Ndakuuzani izi chifukwa zikukhudza poto wanu ku Bangwe. Thumba likachedwa kutulutsa ndalama, kontrakitala amaimika makina, ndipo woyamba kuuzidwa kuti akadikire kunyumba ndi wowerenga matipa.

Mbali yachiwiri ndi kampani ya mainjiniya imene imajambula msewu ndi kuyang'anira kuti ukumangidwa monga mwa mgwirizano. Pasaiti timangowatchula kuti a consultant. Yachitatu ndi kontrakitala, komwe inu muli. Iliyonse ili ndi sukulu yake. Kwa kontrakitala mumaphunzira anthu, makina, nthawi ndi ndalama. Kwa a consultant mumaphunzira kuwerenga malamulo a kamangidwe, kuyeza ntchito ndi kulemba kalata yoti ikaime ngakhale m'khoti. Kwa mwini ntchito mumaphunzira za ma tenda, ndiye kuti mipikisano ya makampani ofuna kupatsidwa ntchito, ndi mapulani a zaka zambiri. Ine ndimakondwa ndikaona wachinyamata akuyambira kwa kontrakitala, n'kudzawolokera kwa a consultant patapita zaka zingapo, chifukwa woyang'anira amene sanagonepo pakampu amalamula zinthu zosatheka, ndipo anthu pasaiti samupatsa ulemu.

Tsono za luso. Mukanakhala mphwanga weniweni ndikanakukankhirani ku labu ya dothi. Achinyamata ambiri amaithawa chifukwa kuli fumbi, kusefa miyala ndi kusinja dothi m'chikombole ndi hamala mpaka mapewa kuwawa. Koma msewu ndi dothi, tala ndi chovala chabe. Pansi pa tala wakudayo pali magawo angapo, lililonse lokhuthala pafupifupi mamilimita 150, ndipo gawo lililonse liyenera kuyezedwa lisanakwiriridwe ndi linzake. Amene amadziwa kusiyanitsa gelevulo wabwino ndi wonyenga, amene angakuuzeni kuti makande a m'dambo awa afufuma mvula ikagwa ndipo ang'ambika chilimwe, choncho achotsedwe, munthu ameneyo sakhala pakhomo nthawi yaitali.

Mwina munaonapo anyamata a labu atagwada pamsewu rola itangodutsa. Amaika thireyi yachitsulo yokhala ndi bowo pakati, n'kukumba kadzenje ndi chizulo mosamala, osataya ngakhale kambulu kamodzi. Dothi lonse lotulukamo limalowa m'jumbo n'kumangidwa kuti chinyezi chisathawe. Kenaka amathira m'dzenjemo mchenga wosefedwa umene kulemera kwake amakudziwa kale, ndipo mchenga umene walowa ndi umene umawauza kukula kwa dzenjelo. Akayeza dothi lija pasikelo n'kuliumitsa, amadziwa kuti rola yatsendera mpaka pati poyerekeza ndi mmene dothi lomwelo linatsenderekera ku labu. Mgwirizano umanena kuti gawo ili lifike 95 peresenti, lapamwamba mwina 98. Tsiku lina sikelo idzakupatsani 92, dzuwa likulowa, matipa a gawo lotsatira ali kale pamzere, foromani akupumira m'khosi mwanu kuti mphwanga, ingolemba 95, ndani adzaone. Pamenepo ndi pomwe ntchito yanu yonse ya m'tsogolo imagamulidwa. Mukalemba bodza, mvula ya Januwale idzaulula, msewu udzachita mikwingwirima momwe mumadutsa matayala a malole, ndipo pepala lokhala ndi siginecha yanu lidzakhala likadali m'faelo. Mukakana, foromani adzakwiya tsiku limenelo, adzabweretsa bawuza kuthira madzi, rola idzadutsanso, ndipo injiniya woyang'anira adzaloweza dzina lanu. Anthu a misewu m'dziko muno ndife ochepa ndipo timadziwana. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsogola. Dzina la munthu wa labu limafika pa ntchito yotsatira mwini wake asanafike.

Ku labu komweko mudzaphunzira CBR, muyezo wa mphamvu ya dothi likanyowa, mudzaphunzira kuyeza konkire ndi kuswa timabokosi take pa tsiku la 7 ndi la 28, ndiponso kudziwa ngati miyala yochokera ku kwale, monga ya ku Njuli, ili ya saizi yoyenera kuthira pa phula. Zaka ziwiri kapena zitatu kumeneko zimaposa zaka zisanu zongoyendayenda pasaiti popanda chogwira chenicheni.

Popeza mwayamba kale kuthandiza a saveya, njira imeneyonso ili pafupi nanu. Koma kunyamula ndodo yoyezera ndi kukhoma zikhomo sikukupangani saveya. Pemphani kuti akulolezeni kuima kuseri kwa makina, muwerenge nokha, mulembe m'buku la malevulo, muwerengetse madzulo n'kuona ngati masamu akutseka. Mukatha levulo pitani pa total station, makina oyezera mitunda ndi makona, kenaka phunzirani kutsitsa zoyezazo mu kompyuta ndi kujambula pa AutoCAD. Saveya wodziwa kuwerengetsa kuchuluka kwa dothi lokumbidwa ndi lothiridwa amakhala pafupi ndi ndalama za kampani, chifukwa malipiro a kontrakitala amachokera pa miyezo imeneyo. Kuchoka apo n'kosavuta kulowa ku ntchito yowerengetsa mitengo ndi kukonza zikalata zopemphera malipiro, ndipo ambiri amene lero ndi ma site agent, akuluakulu a kontrakitala pasaiti, anadzera khomo limeneli.

Ndinenepo za ena amene akuwerenga koma alibe dipuloma ngati yanu. Msewu sumangidwa ndi mainjiniya okha. Omanga makalavati ndi ngalande zamiyala, opala matabwa a zikombole za konkire, opinda zitsulo, amakanika a makina akuluakulu, onsewa ndi amisiri ofunika, ndipo maphunziro a pansi pa TEVETA m'makoleji monga Soche Technical amatsegula njira imeneyi. Ndipo pali mfumu ya pasaiti imene aliyense amaiopa: woyendetsa gireda womalizitsa levulo. Ndinagwirapo ndi bambo wina wachikulire amene sukulu anailekeza ku pulayimale. Msewu umafunika kupendekeka pang'ono kuchokera pakati kupita m'mbali kuti madzi asaime, kawirikawiri 2.5 peresenti, kutanthauza masentimita pafupifupi 9 pa mamita atatu ndi theka. Bamboyo ankayang'ana zikhomo, n'kuyang'ana mpeni wa gireda, n'kudutsa kawiri. Tikakoka chingwe n'kuyeza ndi tepi, tinkapeza kuti palibe chokonzanso. Makontrakitala ankamulimbirana ngati nyama ya pamaliro, ndipo malipiro ake ankaposa a achinyamata a digiri amene tinali nawo. Mukakumana ndi munthu wotere, khalani naye pansi nthawi ya nkhomaliro muzimufunsa. Safunsa anadya phula.

Chinthu china chimene ndikufuna muchiike pamtima, kaya musankha labu kaya usaveya, ndi madzi. Blantyre ndi mzinda wa mapiri. Mvula ikagwa pa Ndirande, pa Soche, pa Michiru kapena pa phiri lanu la Bangwe, madzi amatsika ndi liwiro, atanyamula mchenga, miyala ndi mapulasitiki, kuthamangira ku Mudi, ku Naperi ndi mitsinje ina. Misewu yathu yambiri siiphedwa ndi magalimoto, imaphedwa ndi ngalande zotsekeka ndi makalavati ochepa mphamvu. Tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, misewu ndi milatho itaduka m'maboma ambiri a chigawo chakummwera. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anali atadula kale msewu wa ku Chikwawa ndi kuononga mlatho wa Chapananga. Ndinayenda m'malo ena oonongekawo madzi ataphwa, ndipo chimene chinandiwawa n'chakuti pena tala anali bwinobwino, koma madzi anafukula kunsi kwa kalavati chifukwa potulukira pake panalibe miyala yoteteza. Ntchito ya masiku atatu ya amisiri anayi ikanapulumutsa msewu wa mamiliyoni.

Choncho mvula ikamagwa musamangobisala. Valani jombo, tengani ambulera, yendani m'mbali mwa Masauko Chipembere Highway kapena m'misewu ya ku Limbe muone komwe madzi akupita, pomwe akuima, pomwe akulumpha ngalande. Dziko lathu lili ndi misewu yolembedwa yopitirira makilomita 15,000 ndipo ya tala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ntchito yomanga yatsopano imabwera ndi kupita malinga ndi ndalama za boma ndi za mabungwe akunja, koma ntchito yokonza, yoteteza ndi yowongolera madzi siidzatha inu muli moyo.

Za digiri. MUBAS, imene ambiri timaitchulabe kuti Poly ngakhale inaima payokha mu 2021, ili pakhomo panu pomwepa pa Chichiri, ndipo digiri ya uinjiniya kumeneko ndi ya zaka zisanu kwa wochokera ku sekondale. Amene ali kale ndi dipuloma ndi zaka za ntchito amakhala ndi khomo lawo lolowera, ndipo zofunika zake amalengeza akamaitana ofuna malo, choncho muziyang'anira zilengezo zawo. Kunena zoona, popanda digiri pali denga limene mudzagunda. Ma tenda akuluakulu amatchula kuti woyang'anira ntchito akhale injiniya wa digiri wolembetsedwa, wa zaka zakutizakuti. Koma musasiye ntchito lero n'kukakongola fizi ya zaka zingapo musanadziwe mbali imene mukuikonda. Wophunzira amene wagwirapo labu zaka zitatu akalowa m'kalasi ya za dothi amamva zonse ngati nkhani ya kwawo, pomwe anzake akuloweza. Sungani ndalama pang'onopang'ono, ndipo mukapeza bwana wabwino mufunseni ngati kampani ingakuthandizeni fizi posinthana ndi zaka zingapo za ntchito. Ena amavomera.

Tsopano tifike pa mabungwe, pomwe akuluakulu anu akuti n'kutaya ndalama. Iwo akusakaniza zinthu zitatu zosiyana, ndipo kusakaniza kumeneku kwapweteketsa anthu ambiri. Pali kulembetsa kumene lamulo limafuna. Pali mabungwe olowa mwa kufuna kwanu. Ndipo pali bungwe la anthu apantchito lomenyera malipiro ndi ufulu.

Kwa munthu payekha, khomo la lamulo ndi Malawi Engineering Institution, mwachidule MEI. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, limene linaphatikiza Board of Engineers, yomwe inkalembetsa mainjiniya, ndi Malawi Institution of Engineers, yomwe inali bungwe la umembala. Silolembetsa a digiri okha ayi. Lili ndi magulu osiyanasiyana, ndipo a dipuloma ngati inu ali ndi gulu lawo la matekinishani. Munthu amayamba pa gulu la ongomaliza sukulu, n'kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa injiniya wolembetsedwa, kenaka n'kukaonekera pamaso pa akuluakulu a ntchitoyi kuti aone ngati wakhwima. Kumeneko sakufunsani zimene munaloweza. Amakufunsani kuti munamanga chiyani, munakumana ndi vuto lanji, munaganiza bwanji, ndipo ndani angachitire umboni.

Apa ndi pomwe ine ndinapunthwa, ndipo sindifuna kuti inu mudzapunthwe pomwepo. Zaka zanga zitatu zoyambirira ndinagwira kwa kontrakitala wina amene ankatilipira m'manja, popanda kalata yolembera ntchito. Tinamanga makalavati ambiri ndi msewu wa gelevulo wautali ndithu, ndipo ndinaphunzira zambiri. Kampaniyo inadzatsekedwa, mwini wake anasamuka, injiniya amene ankatiyang'anira anapita kunja. Tsiku limene ndinafuna kulembetsa, ndinalibe pepala ngakhale limodzi losonyeza kuti zaka zitatuzo ndinali pamsewu. Zinapita ngati madzi a mumchenga, ndinayambanso kuwerenga kuchokera pa ziro. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ndiye mawa lomwe gulani kope lachikuto cholimba. Tsiku lililonse lembani deti, dzina la msewu, kuchokera pa kilomita yakuti kufika pa yakuti, ntchito imene inagwiridwa, gawo lanu pa ntchitoyo, zotsatira za miyezo, ndi vuto limene linabuka. Jambulani zithunzi pafoni n'kuzisunga pa imelo, chifukwa mafoni amabedwa mu minibasi. Pakutha pa mwezi pitani kwa injiniya wolembetsedwa amene ali pasaiti, wa kontrakitala kapena wa consultant, mumupemphe mwaulemu kuti awerenge ndi kusaina. Ambiri sakana, ndipo ena amayamba kukukondani kuchokera pomwepo. Ntchito ikatha musachoke popanda kalata yonena kuti munagwira nawo kuyambira liti mpaka liti, pa udindo wanji. Ipempheni makina asanachoke pasaiti, osati patapita chaka.

Mukalembetsa mudzakumana ndi yesero lina. Makontrakitala ena popempha tenda amafuna mayina a anthu a mapepala kuti aoneke ngati ali ndi antchito oyenera. Adzabwera kwa inu ndi kandalama kuti mungowabwereka satifiketi ndi CV, inu osapondako pasaiti. Kanani. Mlatho umenewo ukadzagwa, dzina lolembedwa ndi lanu, ndipo bungwe lomwe linakupatsani chiphaso lili ndi mphamvu yokulandani. Mchitidwe umenewu ndi umodzi mwa zifukwa zimene timaonera misewu yofumuka isanathe chaka, komanso ndi umene umachititsa kuti achinyamata a mapepala azikhala pakhomo pomwe mayina awo akugwira ntchito kwina.

Za kampani imene anzanu akufuna. Kampani yomanga iliyonse iyenera kulembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lomwe tonse tinalizolowera ndi dzina loti NCIC, dzina limene linabwera ndi lamulo la mu 1996. Limaika makontrakitala m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito imene angaikwanitse, poyang'ana antchito, zipangizo, ndalama ndi ntchito zimene anagwirapo. Pamwamba pa apo pali kulembetsa dzina la kampani, za msonkho ku MRA, ndi ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, ngati mukufuna ma tenda a boma. Mapepala onsewa munthu wakhama amawapeza. Chimene chimagwetsa makampani aang'ono si mapepala, ndi kudikira malipiro.

Taonani mmene zimayendera. Mwapambana tenda yokonza ngalande ndi kutseka maenje. Dizilo mugula ndi ndalama zanu, simenti ndi zanu, rola ndi tipa mubwereka polipira patsiku, aganyu akufuna zawo Loweruka lililonse. Pakutha pa mwezi ntchito iyezedwa, chikalata cha malipiro chisainidwa, kenaka mudikira. Mwina mwezi, mwina miyezi isanu. Ndalama zikabwera amadulapo gawo lina, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, limene amasunga mpaka nthawi yoona ngati ntchito ili ndi zilema itatha, ndipo nthawi imeneyi nthawi zambiri ndi miyezi 12. Pakati apo kwacha ikhoza kugwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Phula timagula kunja, zipangizo za makina n'zakunja, ndiye amene anawerengetsa mitengo mwezi wa Okutobala chaka chimenecho anadzuka m'mawa wina ntchito yake itasanduka ngongole. Ndikudziwa anthu akhama, odziwa ntchito, amene anathera kwa akatapila n'kugulitsa nyumba. Inu ndi anzanu mukhoza kudzatsegula kampani, ndipo ndingakondwe, chifukwa dziko lino likufunika makontrakitala akeake olimba. Koma yambani mwaphunzira kuwerengetsa mtengo wa kyubiki mita imodzi ya gelevulo wothiridwa ndi kutsenderedwa, kuwerenga mgwirizano mpaka tsamba lomaliza, ndi kudziwa ndime imene imalola kusintha mitengo zinthu zikakwera. Phunzirani zimenezi mukulandira malipiro a wina. Ikadzakwana nthawi, yambani ndi kugwira kagawo pansi pa kontrakitala wamkulu, monga ngalande zamiyala kapena makalavati.

Pamavuto amenewa ndi pomwe mabungwe olowa mwa kufuna kwanu amaonetsa ntchito yake. Makontrakitala ali ndi MABCATA, makampani a mainjiniya oyang'anira ali ndi Association of Consulting Engineers of Malawi, ndipo a saveya pamodzi ndi owerengetsa mitengo ya zomanga ali ndi Surveyors Institute of Malawi. Kontrakitala mmodzi wa ku Chirimba akapita yekha kukadandaula kuti sanalipidwe miyezi isanu ndi umodzi, amauzidwa kuti abwere sabata yamawa, ndipo amaopa kukakamira kuti angamanidwe tenda yotsatira. Bungwe likalankhula m'malo mwa mamembala ake onse, palibe amene amalozedwa chala, ndipo nkhani imafika kwa nduna ndi m'manyuzipepala. Nkhani zoti makampani akunja azigawirako ntchito makampani a Amalawi, zoti mitengo iziunikidwanso kwacha ikagwa, zoti malipiro ochedwa azibwera ndi chiwongoladzanja, zonsezi zimakankhidwa ndi anthu atakhala pamodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Sindikubisirani, madandaulo a akuluakulu anuwo ali ndi pake. Misonkhano ikuluikulu ya pachaka nthawi zambiri imachitikira kunyanja, ndipo mtengo wake wachinyamata wolandira malipiro ngati anu sangaukwanitse pokhapokha kampani itamulipirira. Pena mumaona nkhope zomwezomwezo pa mipando, ndipo wamng'ono akaimika dzanja samuona. Ndakhalapo m'misonkhano imene tinatuluka ndi mfundo zabwino zimene sizinapite kulikonse. Zimandikhumudwitsa, ndipo ndimanena poyera tikakumana. Koma ndaonanso kuti amene amati bungwe silithandiza, ambiri mwa iwo analipira kamodzi, n'kukhala kunyumba kudikira kuti bungwe liwabweretsere ntchito pakhomo. Siligwira choncho.

Phindu lake lili m'tinthu tating'ono. Maphunziro a tsiku limodzi kapena awiri amene amachitikira muno mumzinda kapena pa intaneti, okhudza migwirizano ya FIDIC, imene imagwiritsidwa ntchito pa zomangamanga m'mayiko ambiri, kapangidwe ka misewu ya tala wotsika mtengo ya kumidzi, chitetezo cha pasaiti. Maphunziro otere amawerengedwanso pokonzanso chiphaso chanu. Maulendo okaona ntchito za ena, komwe mumaloledwa kufunsa chilichonse. Ndipo koposa zonse, anthu. Ntchito zambiri za pamsewu sizifika m'nyuzipepala. Kontrakitala akapambana tenda Lachisanu amafuna munthu wa labu Lolemba, ndipo amaimbira mnzake kumufunsa kuti ukudziwa mnyamata wodalirika? Amatchulidwa ndi amene anaonekapo, amene anafunsa funso lanzeru pamaphunziro paja, amene anadzipereka kulemba mayina pakhomo kapena kunyamula mipando. Ine injiniya amene anadzasaina mapepala anga olembetsera ndinakumana naye pa msonkhano wotere, titaima pamzere wa tiyi. Ndinamufunsa za kalavati imene inkandivuta, anatenga pepala n'kundijambulira pomwepo, ndipo patapita miyezi ingapo anandiitana kukagwira naye ntchito. Choncho mukalowa musakhale membala wa risiti. Pemphani kulowa m'kagulu ka achinyamata kapena komiti iliyonse imene ikufuna manja. Kwa alongo athu amene akuwerenga, mawu ndi omwewa, ndipo kwa inu bungwe n'lofunika kwambiri, chifukwa pakampu mukhoza kukhala mkazi yekha pakati pa amuna makumi asanu, ndipo mumafunika amayi anzanu a ntchitoyi oti muziwaimbira zinthu zikavuta.

Mbali yachitatu ija, ya ufulu wanu ngati wantchito, MEI kapena MABCATA sangakumenyereni, pajatu MABCATA ndi ya mabwana anu. Imeneyo ndi ntchito ya mabungwe a apantchito amene ali pansi pa MCTU, bungwe lawo lalikulu m'dziko muno, ndiponso ofesi ya zantchito. Ngakhale ntchito ikhale ya miyezi isanu ndi umodzi, pemphani kalata yolembedwa. Onani ngati ndalama za penshoni zimene akukudulani zikufikadi komwe ziyenera kupita, chifukwa lamulo limati wantchito apereke 5 peresenti ndipo bwana awonjezere 10. Jombo, chipewa cholimba ndi chovala chowala ndi udindo wa kampani, si mphatso. Ndipo musadzaime kumbuyo kwa tipa imene ikubwerera kapena kukhala pamthunzi wa rola nthawi yopuma, ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Ndinaperekezapo maliro a mnyamata wa msinkhu wanu chifukwa cha mthunzi umenewo.

Mwanena kuti ntchito ikatha amakuuzani kuti mukadikire kunyumba. Pa ntchito yathuyi miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ntchito za dothi zimachepa chifukwa dothi lonyowa kwambiri silitsendereka. Miyezi imeneyi ndiyo yanu. Tengani satifiketi yanu ya dipuloma mukafunse ku MEI za gulu limene mukuyenera kulembetsa ndi ndalama zake. Khalani pansi mulembe zonse zimene mukukumbukira za zaka ziwiri zapitazi, msewu ndi msewu, ndipo mukasake injiniya amene ankakuyang'anirani akadali pafupi kuti asaine. Pezani mnzanu wa kompyuta akuphunzitseni Excel ndi AutoCAD madzulo. Kenaka pitani kwa mkulu wa labu wa kampani yanu, kapena wa kampani ina iliyonse imene ili ndi ntchito muno, mumuuze kuti mukufuna kuphunzira ndipo ndinu wokonzeka kuyamba ndi kutsuka masefa. Makina akamadzabwerera pamsewu mwezi wa Epulo, mudzandilemberenso mundiuze komwe mwafika.